Kalata ya Mkamwini kwa Mwini Mbumba

Alamu olemekezeka,

Popeza mwini mbumba ndinu, ndipo ine ndine mkamwini chabe amene munamukhulupirira kuti awolotse mlongo wanu mtsinje wa Limpopo, ndaona kuti nkoyenera mumve pakamwa panga, nkhani isanakupezeni yopotoka pa WhatsApp, za tsiku limene ndinakweza ana anu phiri la Table Mountain kuno ku Cape Town.

Kwathu ku Dedza munthu akwera phiri kukatola nkhuni, kukazula bowa, kapena kulondola mbuzi yosokera. Koma eni dziko lino, amene ndiganiza kuti mpunga unawachulukira m'mimba, akwera kuti akangofika pamwamba ajambulitse chithunzi ndi kutsikanso. Ana atabwera nayo nkhaniyi kuchokera kusukulu, ndinavomera moseka, pakuti phiri la mamita 1,086, losafika ndi theka lomwe la Sapitwa, kwa ine linali chulu. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njira yake aitcha Platteklip Gorge, ndipo ndi makwerero a miyala okhotakhota m'mpata wa matanthwe, ena ofika m'chiuno mwa mwana, popanda ndi mthunzi womwe woti munthu abisepo dazi lake. Akuti Mpwitikizi wina, António de Saldanha, anadzera momwemo m'chaka cha 1503. Ine ndikulumbirirani kuti bambo ameneyo analibe mwana kumsana.

Wachisamba anathamangira patsogolo nayimba. Mnzake anamaliza mazira owiritsa onse ndi madzi omwe tikadali kumunsi. Ndipo mzime, dzuwa litangoyamba kuluma, anakhala pamwala nalengeza kuti miyendo yake yatha, timusiye pomwepo tidzamutenge mawa. Mlongo wanu, amene mumudziwa bwino kuti satafuna mawu kawiri, anamasula chitenje chake nandiponyera, ndipo ine, munthu wa ndevu, amene mpingo unandisankha kusunga thumba la maliro, ndinabereka mwana kumbuyo, azungu odzaona dziko akundiwombera m'manja ndi kundijambula.

Pamwamba tinapeza mbira zonenepa, alamu, zoti mafuta ake mungadyere nsima mlungu wathunthu, zikuwothera dzuwa pafupi ndi mapazi a anthu mopanda ndi mantha omwe, pakuti lamulo la kuno liziteteza; ndinangomeza mate. Robben Island imene ndinawalonjeza ana sitinaione, chifukwa mtambo umene aufanizira ndi nsalu ya patebulo unatikuta, mphepo nkumatiboola mafupa.

Tsono apo mpamene panatulukira gulu la agogo aakazi ovala masilipasi, opanda dontho la thukuta, amene anabwera ndi ngolo yolendewera pachingwe, imene yakhala ikunyamula anthu kuyambira 1929 ndipo ifika pamwamba m'mphindi zisanu zokha. Ana anandidandaulira monga Aisraeli kwa Mose m'chipululu, mlongo wanu naima mbali yawo, ndipo potsika tinakwera ngoloyo tonse asanu, ine nditatsinzina.

Ndalama imene inalipira ulendo wotsikawo, alamu, ndi ija ya feteleza wanu. Muyambe mwathira manyowa. Ndidzatumiza mwezi ukatha. Mundiperekere moni kwa apongozi, koma za chitenjezo asamve.

Ine mlamu wanu wotupa mawondo.