Tikiti ili m'manja, mpando palibe

Nkhani yomwe ili m'kamwam'kamwa kwathu sabata ino ndi ya mayi wina amene amachokera ku Joni kudzavina ukwati wa mwana wa mchemwali wake. Abale adakadikira pa Chileka kuyambira masana, atavala zitenje zofanana. Ndege idatera, anthu onse n'kutuluka, koma mayiwo osaoneka. Ataimbiridwa foni adayankha akulira kuti pa kauntala awauza kuti ndege yadzaza, chonsecho tikiti adagula kalekale.

Kometetsa tsitsi nkhaniyi idafika mmawa, ndipo ometa adaimitsa kaye makina, mutu wa munthu uli theka. "Achimwene, ndiye kuti ndege nayonso imakweza anayianayi?" Kondakitala wa minibasi ya ku Ndirande, amene amadikira kumetedwa ndevu, adadziguguda pachifuwa. Adavomera kuti pa siteji amakhazika anyamata m'mipando kuti minibasi ioneke ngati yatsala pang'ono kudzaza, koma munthu woti walipira sanamutsitsepo. Tonse tidafa nacho chiseko, ndipo ine ndidaona kuti mnyamatayo ali ndi mfundo.

Mphunzitsi wopuma ntchito, amene samasowa pamalopo, ndiye adatimasulira. Makampani a ndege amadziwa kuti paulendo uliwonse pamakhala ena ochedwa kapena osintha maganizo, choncho amagulitsa matikiti oposa mipando kuti ndege isanyamuke ndi malo opanda munthu. Tsiku lomwe aliyense wabwera, wina ayenera kutsala. Ku America lamulo limalola zimenezi, bola kampani iyambe yafunsa odzipereka isanakakamize aliyense.

Apa m'pamene mnyamata wogulitsa mayunitsi adatulutsa foni yosweka galasi, natisonyeza kanema wa David Dao, mitu yathu ili phathiphathi. Zidachitika pa 9 Epulo 2017 pabwalo la O'Hare ku Chicago, mu ndege ya United yopita ku Louisville. Anthu atakhala kale, kampani idafuna mipando inayi ya antchito a ndege. Idalonjeza madola 400, kenako 800, koma palibe adadzuka. Idasankha yokha anthu anayi. Atatu adatsika. Dao, dokotala wa zaka 69, adakana ponena kuti mawa lake ali ndi odwala. Achitetezo adamuzula pampando n'kumukhwekhwereza pansi pakati pa mipando, magalasi atapendekeka, magazi ali kukamwa. Adathyoka mphuno n'kuguluka mano awiri akutsogolo. Chiseko chidatha m'chipindamo. Munthu wa msinkhu wa abambo athu, wolipira ndalama zake, kumukoka ngati thumba la makala! Zimenezi zimandiwawabe.

Pamsika nkhani idakhotera ku ndalama. Mayi wogulitsa tomato adati madola 800 iye akadatsika akuvina, ngakhale kugona pabenchi. Mnzake wa bonya atamuuza kuti sizidali ndalama zogwira m'manja koma pepala logulira tikiti ina kukampani yomweyo, adatembenuka pomwepo: "Asisi, pepala ana angadye?" Pambuyo pa manyaziwo mkulu wa United panthawiyo, Oscar Munoz, adapepesa, kampani idagwirizana ndi Dao kunja kwa khoti mwezi womwewo, ndipo idalengeza kuti odzipereka ikhoza kuwapatsa mpaka madola 10,000. Mayi wa tomato atamva zimenezo adaomba m'manja mpaka mulu umodzi kugumuka. Masiku ano lamulo la ku America limaletsa kutsitsa munthu amene wakwera kale pofuna mpando wake.

Amene adatitsegula maso kwenikweni ndi namwino wa ku Manchester amene wabwera kutchuthi. Iye adati ukamanyamuka pabwalo la ku Britain, kaya ndege ndi ya dziko liti, akakusiya usakufuna pa ulendo woposa makilomita 3,500 amayenera kukulipira mapaundi mpaka 520. Kuwonjezera apo umasankha wekha kubwezeredwa ndalama ya tikiti kapena kukwezedwa ndege ina, ndipo chakudya ndi malo ogona podikira ndi za iwowo. Ku mayiko a European Union lamulo la 2004 limati mayuro 250, 400 kapena 600 malinga ndi kutalika kwa ulendo. Koma adachenjeza zinthu ziwiri. Ukafika mochedwa pa kauntala, chipukuta misozicho wachitaya. Ukavomera wekha kutsala, umalandira zokhazo zomwe mwagwirizana pomwepo, choncho usafulumire kugwedeza mutu.

Agogo ena ati vuto lathu ndi ulemu wopyola muyezo: munthu wa yunifomu akangoti pepani, timati zikomo n'kukakhala pakona. Ine ndikugwirizana nawo. Kufunsa si mwano.

Mayi wa ku Joni uja adafika mawa lake, ukwati utadalitsidwa kale, koma pelekanipelekani adamupeza ndipo akuti adavina kuposa onse. Inu amene muli ndi ulendo posachedwapa, fikani msanga pabwalo, sungani tikiti ndi malisiti onse, ndipo akakuuzani kuti ndege yadzaza, musachoke pa kauntala asanakulembereni chifukwa chake ndi zomwe akupatseni.