Tsiku limene ndinawotcha wailesi ya eni

Wailesi ija sinali yanga, ndipo ndi zimene zimandiwawa mpaka lero. Eni ake ndi bambo ena achikulire a kutchalitchi kwathu, amene anapuma pa ntchito yokonza matelefoni. Ali ndi laisensi ya ku MACRA yolankhulira pa wailesi ya amateur, ndipo dzina limene amaitanidwa nalo pa wailesipo limayamba ndi 7Q, chizindikiro chouza dziko lonse kuti wolankhulayo ali ku Malawi, monga ZS ili ya South Africa ndipo 9J ndi ya Zambia. Nditawachezera tsiku lina madzulo, ndinadzimvera ndekha munthu wa ku Italy akuwayankha, popanda foni, popanda mayunitsi, popanda intaneti. Ndinabwerera kunyumba mtima uli dyokodyoko.

Ndimaphunzitsa Fizikisi pa sekondale ina yoyendera. Zaka zonsezi ndakhala ndikujambula mafunde a wailesi ndi choko pa bolodi, ana akukopera chinthu chimene sanachigwirepo. Choncho ndinayambitsa kalabu ya wailesi, ndipo analembetsa ana 23. Tinasankha kudzalankhula pa wailesi pa tsiku la Jamboree on the Air, mwambo umene ma Scout a m'mayiko osiyanasiyana akhala akulankhulana pa wailesi kuyambira mu 1958, ndipo masiku ano umachitika kumapeto kwa sabata yachitatu ya Okutobala.

Ntchito yokonzekera inayenda bwino, ndipo ndimaikumbukira ndi chimwemwe. Eriyo tinapanga tokha. Anawo anawerengera kutalika kwa waya m'makope mwawo: 143 kugawa ndi 14.2, yankho n'kukhala mamita 10 ndi kachidutswa, ndiye kuti mawaya awiri a mamita 5 ndi pang'ono mbali iliyonse. Anyamata anadula nsungwi ziwiri zazitali kudambo, atsikana anayeza waya ndi tepi ya atelala. Ndinawafotokozera kuti mafunde amenewa amakwera m'mwamba kwambiri, kukagunda ionosphere, n'kubwerera pansi kutali ndi kumene anachokera. Mnyamata wina anafunsa ngati mafundewo amatopa panjira. Funso limenelo silinamvekepo m'kalasi mwanga.

Loweruka m'mawa bambo aja anatumiza wailesi pa kabaza, itakulungidwa m'bulangete. Anandiimbira foni n'kunena kuti, "Aphunzitsi, yatsani, ana azimvetsera. Koma batani lolankhulira musalikhudze mpaka ine nditafika 2 koloko." Ndinavomera.

Masana magetsi anazima. Ana anali atadzaza m'labu, kunja dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndipo anali atabweranso makolo angapo ndi a hedi. Ndikanatha kudikira. Koma maso onse aja anali pa ine, ndipo ndinkafuna kuti mawu oyamba atuluke m'wailesimo ndi dzanja langa. Wailesi zamtunduwu zimadya mavoti 13.8, kotero batire ya galimoto imakwanira. Ndinatuma ana kukabwereka batire kwa wotchaja mafoni pamsika. Inabwera yakale, mitu yake itachita dzimbiri loyera, zizindikiro za pulasi ndi mainasi zosaoneka bwino. Ndikudziwa kuti mutu wa pulasi umakhala wonenepako pang'ono. Ndimaphunzitsa zimenezi. Tsiku limenelo sindinayang'ane.

Nditangolumikiza, panamveka kaphokoso kakang'ono, thu! Wailesi osayaka. Fyuzi inali itapsa.

Apa ndi pamene pali tchimo langa lenileni. M'wailesi zambiri muli dayodi yoikidwa dala kuti munthu akasemphanitsa mawaya, magetsi adutsire mwa iyo, fyuzi ipse msanga, zina zonse zipulumuke. Wailesi ija inali itadziteteza, inali itanditsina khutu. Ine ndinati fyuziyo yangokalamba. Ndinasenda waya, n'kupota tinsinga ta kopa, n'kuika m'malo mwa fyuzi monga timachitira kunyumba, kenako ndinalumikizanso chimodzimodzi. Batire ya galimoto ikapeza njira yotere imatulutsa maampeya mazanamazana. Waya unatentha m'manja mwanga, utsi woyera unatuluka m'timazenera ta kumbuyo kwa wailesi, fungo la pulasitiki wopserera linadzaza labu yonse. Panalibe anaseka. Kukanakhala bwino wina akanaseka.

Bambo aja anafika pa nthawi yake, atavala jekete ngakhale kunkatentha, m'manja atanyamula makhadi a QSL ochokera ku mayiko amene analankhula nawo, kuti aonetse ana. Atamva fungo anaima pakhomo. Ndinawauza zonse, za waya wa pa fyuzi zomwe. Anasisita wailesiyo pamwamba kwa kanthawi, kenako anati, "Iyi ndinagula mayi a kunyumba akadali moyo." Sanakalipe.

Anthu atabalalika, mtsikana wina wa Fomu 2 anatsalira akukulunga waya. Anayandikira, maso ali pansi. "Aphunzitsi, ine ndinaona kuti waya wofiira mwauika pa mainasi. Ulendo woyamba ndinaona, wachiwirinso ndinaona. Ndimaopa kunena."

Usiku umenewo sindinagone. Wailesi inapsa chifukwa cha phuma langa, koma pafupi nane panali mwana amene ankadziwa zoona, ndipo mantha amene anamutseka pakamwa anawaphunzira m'makalasi ngati langa, mmene mphunzitsi salakwa. Ndinkafuna kuti alankhule ndi anthu a ku Italy, pamene sakanatha kulankhula ndi ine ndili pambali pake.

Lachisanu lotsatira bambo aja anabweranso, osaitanidwa, ndi chikwama cha zida. Anatsegula wailesi ana onse akuona, nawalozera dayodi yong'aluka ndi tinjira ta kopa topserera pa bolodi. Ndalama yogulira zida zatsopano ndikulipira ine, pang'onopang'ono mwezi ukatha, ndipo china sichinapezekebe. Pakadali pano kalabu imamvetsera pa kawailesi ka shortwave kamene tinamangirira ku eriyo yathu, ndipo ana anayi ayamba kuphunzira Morse pogogoda desiki. Tisanalumikize chilichonse ku batire, mtsikana uja amayamba wayeza ndi mita, n'kunena mokweza mbali imene ili pulasi, ine manja ndili kumbuyo.