Chizungu Choopsezera Anthu pa Msonkhano

Ngati mwatopa kukhala mpando wakumbuyo pamisonkhano, anzanu akulavula Chizungu inu mukungogwedeza mutu, mankhwala ake alipo, ndipo safuna kuti mubwerere ku Fomu 1. Galamala isiyeni kaye. Galamala ndi ya ana asukulu, amene MANEB siwapatsa satifiketi ya MSCE akalephera Chingerezi, ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi yonse. Inu ndinu munthu wamkulu. Chimene mukusowa ndi zining'a za Angerezi, pamodzi ndi timawu tating'onoting'ono timene amapachika kumbuyo kwa aneni awo, monga "up", "off", "out" ndi "into". Mukagwira zimenezi mutha kuyankhula mphindi 20 osanena kanthu, anthu n'kukuomberani m'manja.

Lamulo lalikulu n'lakuti musamafunse chifukwa. Mngerezi akaona chimvula amati "it is raining cats and dogs", kunena kuti kukugwa amphaka ndi agalu. Jonathan Swift anachilemba kale chining'achi m'buku lake la Polite Conversation mu 1738, ndipo mpaka lero akatswiri sanamvane za kumene nyamazo zinachokera. Eni akewo anatopa nacho. Ku London mvula ikakula masiku ano ambiri amangoti "it's pouring" n'kutambasula ambulera. Zimenezo zisakugwetseni mphwayi. Chining'a chili ngati jekete la pa kaunjika: mwini wake akalitaya m'pamene ife timalisita bwinobwino n'kupita nalo ku ukwati. Chineneni mokweza, ngakhale kunja kukungowaza.

Pa maliro pamafunika kusamala, koma pang'ono pokha. "Kick the bucket", kumenya chidebe ndi phazi, ndiko kufa. Francis Grose anachiika mu 1785 m'dikishonale yake ya mawu a akuba ndi anthu a m'misewu, ndipo fungo lakelo silinachoke. Ngati mwatopa ndi kupemphedwa kuyankhula m'malo mwa akubanja, chitchuleni kamodzi kokha pamaso pa abusa, sadzakuvutitsaninso. Aulemu amati "pass away". Koma taonani msampha: "pass out" ndi kukomoka. Mukalemba pa gulu la WhatsApp kuti agogo "have passed out", achibale a ku Johannesburg sadzatumiza chipepeso, adzangoti muwakupize ndi kuwathira madzi. Mukasokoneza mbali inayo, n'kulemba kuti amalume amene akomoka ndi kachasu "have passed away", madzulo mupeza amayi a mumpingo afika ndi ufa ndi nkhuni, mwini maliro ali pakhonde akufunsa kuti wamwalira ndani. Asilikali ndi apolisi nawo akamaliza maphunziro amachita "pass out", ali chilili, nsapato zikuwala. Musafunse.

Chuma chenicheni chili pa zimene aphunzitsi amati phrasal verbs: mneni wamfupi, kamperekezi kapena kamuonjezi kali kumbuyo kwake. Dzinali linafala ndi buku la Logan Pearsall Smith la 1925, koma vutolo ndi lakale. Samuel Johnson, m'mawu oyamba a dikishonale yake ya 1755, anavomereza yekha kuti timawu timeneti ndi timene timazunza kwambiri alendo ophunzira chiyankhulocho. Anavomereza, koma sanachotsepo ngakhale kamodzi. Tengani "put", amene akakhala yekha ndi kuika basi. "Put on" ndi kuvala. Mwana wanzeru angaganize kuti ndiye "put off" ndi kuvula. Ayi, kumeneko ndi kukankhira chinthu tsiku lina. Kuvula ndi "take off", komwenso ndi kunyamuka kwa ndege pa Chileka, komwenso ndi kuyamba kuyenda bwino kwa geni. "Put out" ndi kuzimitsa moto. Kuchita "put up" mlendo ndi kumupatsa pogona, ndipo akatha mwezi osatsanzika mumangowonjezera kamawu kamodzi, "put up with", ndiko kumupirira. Chingerezi chinaoneratu kuti zidzafika pamenepo.

Musayese kufunafuna nzeru m'timawuti, mungadwale mutu. Magetsi akachita "go off" ndiye kuti azima, koma alamu ikachita "go off" ndiye kuti yayamba kulira. Nyumba itha kupsa "up" kapena kupsa "down", phulusa lake n'limodzimodzi. Fomu ku Britain amakonda kuidzaza "in", ku America amaidzaza "out". Phindu lake kwa inu n'lakuti mukaiwala kamawu koyenera mungotola kalikonse kamene kali pafupi, n'kukanena molimba mtima mukumuyang'ana munthuyo m'maso. Adzaganiza kuti mbuli ndi iyeyo. Potsegula makutu ndi pa ngongole pokha, chifukwa pamenepo malo a kamawu ndi ndalama. Mnzanu akati "I will see you through" akulonjeza kukugwirani dzanja mpaka vuto lithe. Akati "I see through you" wakutulukirani, nyamukani muzipita.

Mukakwezedwa pantchito n'kupatsidwa ofesi ya makatani, mneni wanu ndi "look". "Look after" ndi kusamalira. Ameneyo asiyireni anamwino. "Look up to" ndi kulemekeza, zimene ang'onoang'ono azichita kwa inu, ndipo "look down on" ndi kunyoza, zimene inu muzichita kwa iwo koma osanena. Mfumu ya onsewa ndi "look into". Dikishonale imati ndi kufufuza. Mu ofesi tanthauzo lake n'lakuti kalata yanu tinailandira ndipo ili pansi pa kapu ya tiyi. Mayi akabweranso kudzafunsa za penshoni ya malemu amuna awo, atachita kubwereka ya minibasi, musawauze kuti fayilo inasowa. Kusowa kwa fayilo kumakhala ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo angapezeke kuti ndinu. Auzeni kuti "we are looking into it". Mawuwa alibe tsiku, alibe dzina la munthu, ndipo palibe khoti lingakugwireni nawo bodza, pakuti ndani angatsimikize kuti simukuyang'ana? Akalimbikira onjezani "we will get back to you", kulonjeza kuti mudzawayankha, koma nambala yawo ya foni musailembe, kuopa kuwononga chining'a. Ntchito imene simunaiyambe n'komwe muziti ili "on hold". Msonkhano umene munaiwala kukonza muziti mwauchita "call off". Anthu amene mwawachotsa ntchito muziti ali "laid off", zimveke ngati mwawayalira mphasa kuti apumeko.

Zining'a zina zili ndi mbiri yoti muziiponya pa nthawi ya nkhomaliro, alendo adziwe kuti munawerenga. "Red tape", kuchulukitsa mapepala ndi masiginecha, kunachokera ku tizingwe tofiira timene maofesi a boma ndi maloya a ku England ankamangira zikalata. Muzidandaula nako kwambiri, makamaka ngati siginecha imene ikuchedwayo ndi yanu. "White elephant" ndi chinthu chodula chopanda ntchito: amati mafumu a ku Siam, kumene lero ndi Thailand, ankapatsa munthu wowakwiyitsa njovu yoyera, yopatulika, yosaloledwa kugwira ntchito, kuti asauke nayo poidyetsa. Mawu amenewa ndi a chitukuko cha amene analipo inu musanabwere. Chanu chimatchedwa "flagship project". Ndiye pali "turn a blind eye", kudziwa chinthu koma n'kudzipangitsa kusaona, kumene amakulumikiza ndi Horatio Nelson, mkulu wa nkhondo ya pamadzi amene diso lake limodzi linali lakufa. Nkhani imati pa nkhondo ya ku Copenhagen mu 1801, atamukwezera mbendera yomulamula kubwerera, anaika choonera patali pa diso lakufalo n'kunena kuti sakuona kanthu. Nkhondoyo anapambana, ndipo chipilala chake chili pa Trafalgar Square. Inu mukatsinzina pa za mafuta a galimoto ya ofesi, chipilala musachiyembekezere, mwina kagawo.

Mukamachita ndi opereka thandizo, yambani mwafunsa kwawo. Ku Westminster, ndi ku Nyumba ya Malamulo yathu ku Lilongwe imene inatengera za kumeneko, kuchita "table" nkhani ndi kuibweretsa kuti ikambidwe. Ku Washington mawu omwewo ndi kuiika pambali. Choncho pa msonkhano umene pali Mngerezi ndi wa ku America, nenani kuti lipoti la ndalama mulichita "table". Wina adzayembekezera kuliona mawa, wina adzaganiza kuti nkhani yatha, ndipo pomwe azidzamvana inu muli mutaweruka kale.

Za miyendo n'zachidule. "Break a leg" ndi kufunira mafuno abwino wa zisudzo asanalowe m'bwalo. Musamuuze wa kabaza. "Pulling your leg" ndi kukunamizani mocheza. "It costs an arm and a leg" ndi mtengo wa thumba la feteleza.

Chimene musayerekeze n'kubwerera ku zining'a zathu. Sikuti n'zanzeru kuposa za Angerezi. Mtundu umene umati wopita kukakodza wapita kukataya madzi, ndipo wochenjeza mnzake wamutsina khutu, ulibe poyambira kuseka amphaka ogwa kumwamba. Vuto n'lakuti zathuzi aliyense amazimva. Mukanena kuti kontrakitala akutidyera masuku pamutu, mlonda wa pageti wamva, ophika tiyi amva, ndipo mawa adzafuna kudziwa chimene mwachitapo.

N'chifukwa chake mdani wanu wamkulu ndi womasulira. A Kamuzu Banda ankayankhula Chingerezi pamisonkhano, a John Msonthi, kenako a John Tembo, n'kumamasulira, koma nthawi imeneyo panalibe woimika dzanja kuti afunse funso. Inu mwayi umenewo mulibe. Mukapita kumudzi kukafotokoza za mjigo umene unalonjezedwa chaka chatha, womasulira musankhe nokha, makamaka amene akudikira alawansi kwa inu. Mukalola mphunzitsi wopuma ntchito, wa chilungamo chake, inu mukati "we are looking into the matter" iye adzatembenukira kwa anthu n'kunena kuti bwana akuti akusuzumira m'kati mwa nkhaniyi. Pamenepo a gulupu adzakhosomola, adzagogoda ndodo pansi, n'kufunsa mwaulemu wonse kuti, "Nanga bwana, poti mwasuzumira chaka chathunthu, mwaonamo chiyani?" Dalaivala muzimuuziratu kuti galimoto aimike moyang'ana kumsewu, injini isazime.