Matope a pa Fox Street

Agogo ankati walira mvula walira matope. Iwo ankanena mvula yeniyeni, ija imasandutsa bwalo phala. Ine mwambiwu ndinadzaumvetsa ku Joni, pamalo a simenti yokhayokha, opanda dothi lodzaza chikhatho.

Malowo ndi Maboneng, chakum'mawa kwa pakati pa Johannesburg. Dzinali n'la Chisotho, akuti malo a kuwala. Kale kunali nyumba zosungiramo katundu ndi mafakitale osiyidwa, ndipo dzuwa likapendeka munthu ankayenda ngati wasiya ndiwo pamoto. Mu 2009 Jonathan Liebmann ndi kampani yake ya Propertuity anakonza nyumba zakalezo n'kutsegula Arts on Main. Wojambula wotchuka William Kentridge anatengamo malo ogwirira ntchito. Kenako kampaniyo inamanga mafulati pamwamba, maofesi pakati, malo odyera pansi, kuti munthu agone, agwire ntchito ndi kumwaza malipiro ake asanawoloke n'komwe msewu. Mvula ija inali imeneyo.

Mmalawi mnzanga wa khomo loyandikana nane anailirira kwambiri. Anathawa kumpoto kwa mzinda, kumipanda ya magetsi, akuti kunali zii ngati kumanda. Ankafuna kuona anthu. Lero ndi iye amayamba kukweza mkono pa msonkhano wa ife okhala m'nyumbamo.

"Achimwene, kodi anthu a pansiwa sagona?"

Ndinamukumbutsa kuti Loweruka ndinamuona m'bala ya pansiyo akuthyola dansi ya amapiano, botolo lili m'mwamba.

"Limenelo linali Loweruka. Lero n'Lachiwiri."

Amafuna mvula yomvera wotchi, yoyamba iye akavala nsapato n'kukata iye akafunda bulangete.

Zochitika ndiye sizisowa. Msika wa Lamlungu, zionetsero za zithunzi, magule a padenga, alendo oyenda pagulu ndi makamera m'khosi. Ajambula khoma, ajambula chitseko. Tsiku lina anandijambula ndikuyanika zovala pakhonde, ndipo ndikukhulupirira kuti kabudula wanga wong'ambika uja pano ali ku Ulaya. Kumsikako nyama ya m'mutu ndi matumbo, zomwe kwathu timadya mobisa alendo akabwera, amaziika pa kathabwa, kasamba kamodzi pamwamba, n'kuzipatsa dzina lalitali. Mtengo wake mungagule nawo mbuzi yamoyo. Pomwe kumsika wa Kwa Mai Mai, kamtunda kochepa chabe, nyama yomweyo amakupatsani yodzaza thabwa, popanda kasamba.

Pamapepala oitanira anthu amalemba kuti ndife mudzi umodzi. Ine mudzi ndimaudziwa pa maliro: ndani wabwera ndi nkhuni, ndani wagona pasiwa. Kuno mudzi umalowera pakhomo ndi tikiti, ndipo dzina la mnansi wanga wa mbali inayo ndinalidziwa chifukwa wobweretsa chakudya pa njinga yamoto anasokoneza khomo. (Chakudyacho ndinabweza. Patapita nthawi.)

Koma pali pamodzi pomwe ndikutsutsana ndi agogo, andikhululukire kumene aliko. Iwo ankaganiza kuti wolira mvula ndi woponda matope ndi munthu mmodzi. Kumudzi n'zoona. M'tauni mvula imagwera pa nsanjika yachisanu ndi chimodzi, matope n'kutsetsereka kupita kwa amene sanalire chilichonse. Kuwala kutafika pa Fox Street, msewu wa ku Maboneng, eni nyumba za pafupi anayamba kuwerengera, ndipo anthu a ku Jeppestown, dera loyandikana nafe, amene anakhala mumdimawo zaka zonsezo anayamba kuoneka ngati zipsinjo. Mu 2015, poopa kuchotsedwa m'nyumba, anatuluka m'misewu akunena kuti nawonso akufuna kudya sushi ku Maboneng. Anthu anaseka, koma a ku Jeppestown sanali kulirira nsomba yaiwisi ayi.

Ndiye matope nawonso amadziwa kukwera masitepe. Mu 2018 Propertuity inagwa, ndipo chaka chotsatira nyumba zake zina anazigulitsa pa okishoni. Wobweretsa mvula mwini wake anaterereka.

Mnzanga uja tsopano akuti akusamuka, akufuna malo abata, pomwe munthu angamve mbalame. Dzulo anandionetsa pa foni nyumba yomwe waipeza kumpoto, ya mpanda wa magetsi. Ataibweza foni m'thumba anandifunsa ngati sofa yanga imagoneka munthu wamtali, chifukwa Loweruka lililonse azibwera.