Maso a aneba ndine, Mulungu awachitire chifundo

Masiku ano ukapita ku khonsolo kukafunsa kanthu, usanamalize n'komwe moni amakhala atakuyankha kale kuti, "Bambo, zonsezo zili pa intaneti." Chidziwitso cha msonkho wa nyumba chili pa Facebook. Fomu ya chiphaso cha bizinesi ili pa tsamba la khonsolo. Ndalama tumizani pa foni. Ine sindikutsutsa ayi. Munthu amene anaimapo pamzere kuyambira m'mawa mpaka kalaliki kupita ku nkhomaliro sangadane ndi chitukuko chotere. Chimene khonsolo yathu sinalengeze n'chakuti kuti zonsezi ziyende, pamafunika wantchito wina wosalembedwa, wosaphunzitsidwa komanso wosadalirika. Wantchitoyo ndine.

Aneba anga ndi bambo osaona. Ali ndi kagolosale kutsogolo kwa nyumba, ndipo masamu a chenje amawadziwa kuposa ine wa maso awiri ndi satifiketi ya Fomu 4. Foni yawo imalankhula. Muli pulogalamu yotchedwa TalkBack, ya mafoni a Android. Eni ake a iPhone yawo ndi VoiceOver. Akayendetsa chala pagalasi, foniyo imawerenga chilichonse cholembedwa, mwaliwiro loti ine sinditolapo kanthu. Mawu ake ndi achizungu, moti dzina la dera lathu imalitchula mopotoza, koma iwo amamva bwinobwino. Amatumiza mauthenga pa WhatsApp, amaoda katundu, amatsatira mpira. Foni yanga ikasokonekera ndimapita nayo kwa iwo, ndipo amandikonzera akundiseka.

Koma zikafika za khonsolo, katswiri uja amagwira njakata. Tamvani mmene chidziwitso chimayendera. Mlembi amachilemba pa kompyuta, mawu abwinobwino oti foni ikanatha kuwerenga. Kenako amachisindikiza papepala, bwana amasaina, chidindo chimagwa, ndiye wina amajambula pepalalo ndi foni, mopendekera, chala chake chikuonekera pakona, n'kuliika pa intaneti. Kwa foni ya aneba imeneyo si kalatanso. Nthawi zambiri imangonena kuti apa pali chithunzi, basi yatha. Pamenepo mumamva mawu kuseri kwa mpanda: "Achimwene, mulipo? Tabwerani mudzandiwerengere."

Ndikuuzeni poyera za ntchito yanga, kuti akhonsolo adziwe munthu amene amudalira. Choyamba, ndine wodula. Sindipempha kanthu, ndinaleredwa bwino, koma ndimatsokomola pafupi ndi firiji mpaka aneba anene kuti, "Tengani Fanta, achimwene, pakhosi pamveka pauma." Banzi limabwera lokha. Mukawonkhetsa za chaka chonse, mupeza kuti aneba amalipira misonkho iwiri, wina ku khonsolo, wina m'mimba mwanga.

Chachiwiri, maso amene amabwerekawo ndi otha kale. Magalasi anga ndinagula pamsika, nditayesera powerenga chikwangwani cha ogulitsa chipisi. Anyamata opanga masamba a pa intaneti amakonda tizilembo ting'onoting'ono totuwa pamalo oyera, akuti ndiye zamakono. Kwa ine 3 ndi 8 ndi mapasa. Ndimatambasula mkono, kutsinzina diso limodzi, kenako n'kunena nambala ndi mawu aulamuliro. Aneba amandifunsa modekha, "Mwaonetsetsa?" Ine n'kumati, "Tiyeni tiitane kamwana kaja."

Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, ndine wapakamwa. Polipira pa foni pamabwera mndandanda uja wa dinani 1, dinani 2. Foni ya aneba isanamalize kuwerenga, nthawi imatha, muyambirenso. Mapeto ake amandipatsa foni ndi nambala yawo yachinsinsi yomwe. Tsopano ndikudziwa ndalama zimene ali nazo. Pofika madzulo mayi a kunyumba amakhala akudziwa, chifukwa m'banja mulibe chinsinsi. M'mawa mwake mlamu wanga amakhala ali pagolosale, chipewa m'manja, kupempha ngongole yofanana ndendende ndi zimene zinatsala mufoni. Munthu wamkulu, wolipira msonkho, wophunzitsa ana, chuma chake chili pambalambanda chifukwa choti wina sanaganize zowonjezera masekondi pang'ono.

Palinso mayeso aja otchedwa CAPTCHA, amene amati mutsimikize kuti ndinu munthu. Amakupatsani zilembo zopindikapindika, kapena tizithunzi toti musankhe pamene pali maloboti a pamsewu. Aneba sangaone. Ine ndimaona koma ndimalakwa. Kompyuta inagamula kuti m'nyumba ziwiri zoyandikanazi mulibe munthu.

Mbiri yanga yothandiza inafika mpaka kumsika, kumene kuli mayi osamva osoka zovala. Wapampando wa khonsolo analankhula pa kanema za kusamutsa ogulitsa malonda, popanda mawu olembedwa m'munsi, popandanso womasulira m'chinenero chamanja. Ndinadzipereka kumasulira. Ndinakupiza manja, kuloza kum'mawa, kusenza katundu wosaoneka pamutu. Mayiwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analemba papepala kufunsa ngati mkazi wanga wandithamangitsa.

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya anthu awiri a kwathu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa khumi alionse ali ndi ulumali. Anapezanso anthu achialubino oposa 134,000, ndipo ambiri mwa iwo amavutika kuona tizilembo tating'ono. Onjezani agogo amene manja amanjenjemera, moti akafuna kudina batani limodzi amadina awiri. Ngati aliyense wa amenewa ali ndi wothandiza wa mtundu wanga, dziko lino lili pamavuto.

Zamalamulo ndinazimva kwa aneba omwewo, ine ndili kalikiliki ndi banzi. Bungwe la United Nations linakhazikitsa pangano la ufulu wa anthu aulumali mu 2006, ndipo Malawi analivomereza mu 2009. Ndime 9 ya panganolo imatchula nyumba, misewu ndi mayendedwe, koma imatchulanso uthenga ndi intaneti. Kwathu kuno kunabwera lamulo la 2012, kenako latsopano la 2024, limene linabweretsa bungwe loona za anthu aulumali la MACODA m'malo mwa MACOHA. Tinalimbana zaka zambiri kuti maofesi akhale ndi polowera njinga za olumala. Lero ofesi yasamukira mufoni, ndipo tamangamonso masitepe.

Ine, pofuna kuoneka wozindikira, ndinati, "Aneba, zimenezo n'za mayiko olemera, ife ndife amphawi." Anaseka mpaka kugwira kauntala. N'zoona kuti ku Britain malamulo a 2018 amakakamiza makhonsolo kukonza masamba awo, ndipo ku America boma linaika lamulo lofanana nalo mu 2024. Koma malangizo amene onsewo amatsatira, otchedwa WCAG, alipo kuyambira 1999, ndipo aliyense angathe kuwawerenga ulere. Zambiri zimene amanena sizifuna ndalama ya opereka thandizo. Ikani mawu enieni, osati chithunzi cha pepala. Ngati chithunzi chikufunika, lembani mawu ofotokoza zimene zilimo. Zilembo zisiyane bwino ndi malo amene zalembedwapo, zakuda pa zoyera osati zotuwa pa zotuwa. Bokosi lililonse la pafomu likhale ndi dzina loti foni itchule. Kanema akhale ndi mawu olembedwa. Nthawi ikamatha, munthu apatsidwe mpata wowonjezera.

Ndipo kuika mawu enieni n'kotchipa kuposa zimene tikuchitazi. Mlembi uja mawuwo ali nawo kale pa kompyuta. Kuti awasandutse chithunzi chosawerengeka amawononga pepala, inki ndi nthawi ya bwana. Chithunzi chimadyanso bandulo kuposa mawu, ndipo netiweki ikafooka chimatseguka theka, n'kukusiyani ndi chidindo chokha. Choncho chokomera aneba chikomeranso mlimi wa kumudzi, wophunzira wopanda mayunitsi, ndi ine wa magalasi apamsika. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwa ine mawalo linafika kalekale, ndimangolibisa.

Komanso kauntala isatsekedwe chifukwa choti kwabwera intaneti. Anthu ambiri m'midzi ali ndi kafoni ka mabatani kosalankhula, ena alibe n'komwe. Pakhale kalaliki wolandira anthu, nambala yoimbapo imene imayankhidwadi, ina yotumizirapo uthenga kwa osamva, ndi chidziwitso pa wayilesi ya m'dera m'chinenero chimene anthu amalankhula.

Tsono inu makhansala ndi mabwana a makhonsolo, musanalipire mnyamata wopanga tsamba lanu, itanani eni nkhani aliyese. Kuli FEDOMA ya anthu aulumali, kuli Malawi Union of the Blind, kuli MANAD ya osamva, kuli APAM ya achialubino. Apatseni fomuyo adzaze okha, alipire okha, lisiti alandire okha, popanda neba wotsokomola pambali. Akalephera, tsambalo silinathe, ndipo cheke chidikire. Muwalipirenso pa ntchitoyo, chifukwa ndi ukatswiri. Ine musandiitane ku msonkhanowo. Ndidzangodya alawansi, ndipo pofika madzulo dera lonse lidzakhala likudziwa bajeti yanu.