Walira Mvula Walira Matope, Ngakhale M'chimbudzi

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ankanena za mlimi amene amadandaula ndi dzuwa mu Novembala, n'kudzadandaulanso mu Januwale kuti njira ikuterera. Akanakhalapo lero, mwambiwu akanaukhoma pachitseko cha chimbudzi chogejemula, chifukwa palibe katundu wina amene munthu amamulakalaka chonchi n'kudzalira naye atamupeza.

Kuno kwa Mfumu Mphuka, m'boma la Luangwa lomwe agogo athu amalitchabe Feira, madzi ndi ochuluka poyang'ana. Luangwa uyu, Zambezi uyo, akumana pamaso pathu. Tsidya ili kuli Zumbo wa ku Mozambique, tsidya ilo Kanyemba wa ku Zimbabwe. Mlendo wa ku Lusaka akaona zimenezi amati, "Inu ndiye mungagejemule tsiku lonse!" Sadziwa kuti madzi a mumtsinje ali ndi eni ake, ng'ona ndi mvuu, ndiponso kuti panjira yopita kudooko njovu imafuna ulemu wake.

Mvula yake ndi yokoma, tisakane. Mwana akapeza ntchito m'tauni amamangira makolo nyumba ya malata, n'kuikamo chimbudzi choyera mbee. Usiku simutulukanso ndi tochi mukupenda zinkhanira, ntchentche zimasamuka, ndipo agogo a mawondo olira amangokhala pansi mwaulemu.

Matope oyamba ndi masamu. Thanki yakale imameza malita 9 kapena kuposerapo pa kugejemula kamodzi, choncho chigubu cha malita 20 chimatha pa maulendo awiri. Banja la anthu 6, aliyense atalowamo kanayi patsiku, latha malita 216, pafupifupi zigubu 11. Mpope ukamatuluka zimenezi zimaoneka pa bilu. Ukauma zimaoneka pakhosi pa amene akusenza. Vutoli si lathu tokha. Mngelezi Sir John Harington anafotokoza za chimbudzi chogejemula mu 1596 ndipo anapangira china Mfumukazi Elizabeth I, koma anthu sanachithamangire, poti nyumba zinalibe mipope. Nayenso analira mvula asanakumbe ngalande.

Tsegulani chivundikiro cha thanki muone, pakuti zimbudzizi zili ndi mitundu, ndipo mtundu uliwonse umadwala matenda akeake.

Pali cha chogwirira cham'mbali chomwe tinatengera kwa Angelezi. Mukatsitsa chogwiriracho, kapulasitiki kopyapyala kamanyamula madzi kuwakweza m'paipi yokhota, ndipo akangodutsa pamwamba amakoka anzawo onse, monga momwe petulo amatsatira paipi kuchoka m'diramu mukangoyamwa kamodzi. Ubwino wake, mtundu uwu sutaya madzi mobisa. Koma kapulasitiki kaja kakang'ambika, munthu amapopa chogwirira kasanu kapena kakhumi, a pabalaza akumva zonse n'kumayang'ana kudenga. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: tsekani madzi, masulani, ikanimo kena. Kakasowa m'sitolo, amisiri amadula kofanana nako papulasitiki yolimba.

Pali china chomwe chili ndi labala yotseka bowo pansi pa thanki. Mukadina, labala imadzuka, madzi n'kugwa. Ichi ndi chofatsa, koma ndi mbala yosagogoda. Labala ikakalamba kapena mchenga ukakhala pamilomo pake, madzi amatsetsereka usana ndi usiku popanda phokoso, mpaka malita mazana patsiku, ndipo bambo amayamba kukalipira ana kuti akusamba mowononga. Kugwira mbalayi n'kosavuta. Thirani inki pang'ono m'thanki, mudikire theka la ola osagejemula. Mtunduwo ukaonekera m'munsi, pepesani kwa anawo, mukagule labala.

Cha mabatani awiri chinatchuka ndi kampani ya Caroma ya ku Australia mu 1980, dziko lomwe nalo limadziwa chilala. Zambiri za masiku ano zimatulutsa malita 3 pa batani laling'ono, la nkhani zing'onozing'ono, ndi malita 6 pa lalikulu, la milandu ikuluikulu. Nzeru yake ndi yabwino, kungoti ife timadina onse awiri pamodzi kuopa kukondera.

Ndiye pali cha m'mahotela ndi m'maofesi a ku Lusaka, chopanda thanki n'komwe. William Sloan wa ku America anachipanga mu 1906. Chimatenga madzi mwachindunji m'paipi yaikulu ndipo chimafuna kuti abwere ndi mphamvu. Mukachiika pampope wodontha wa kumudzi chimangopuma mokweza n'kukhala chete. Mng'ono wake ndi chija chogejemula chokha munthu akaimirira, chomwe chimadalira magetsi kapena mabatire. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi akuzima maola ambiri patsiku, ngakhale a m'nyumba zosanja anaphunziranso kugwira ndowa, poti pampu yokweza madzi m'mwamba inali itagona.

Thanki iliyonse ili ndi mlonda wake, kampira koyandama komwe kamatseka madzi akafika pamzere. Madzi a mumtsinje amabwera ndi mchenga, a pamjigo amasiya zoyera zouma, ndipo zonsezi zimatsamwitsa kabowo kolowera madzi. Mukamva thanki ikulira ngati sikukhuta, kapena madzi akusefukira, masulani, tsukani, zoyerazo muziviike mu vinega. Ngati mkono wa kampirako ndi wachitsulo, upindeni pang'ono cham'munsi kuti madzi azilekera pansi. Botolo lodzaza madzi mukaliimika m'thanki yakale, pomwe silikhudza zoyenda, limakupulumutsirani lita pa ulendo uliwonse.

Madzi aja amatsala pansi m'chimbudzi musawaone ngati otsalira chabe. Paipi yokhota yomwe imawasunga, imene Alexander Cumming analembetsa ku London mu 1775, ndiyo imatsekera fungo ndi mphemvu kunja. Chigwa chathu chino kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala. Mukatseka nyumba kwa milungu ingapo madziwo amauma, ndipo pobwerera mudzaganiza kuti mwafera khoswe. Thiranimo ndowa imodzi musanaitane sing'anga.

Paipiyo ilinso ndi zakudya zomwe imadana nazo. Chimbudzi chokumba chinkalandira chilichonse mosafunsa: zitsononkho, nyuzipepala, timiyala, matewera a mwana. Chogejemula chimabweza, ndipo chimakonda kubweza tsiku lomwe kwabwera alendo. Zomwe chavomera zimakathera m'dzenje la simenti kuseri kwa nyumba, lomwe nalo limadzaza pakapita zaka zingapo. Galimoto yopopa ikachokera ku Lusaka iyenera kuyenda makilomita oposa 300, kukhota pa mlatho wa Luangwa n'kutsika chigwa chonse, ndipo mafuta ake amalipira ndinu. Dzenjelo likhale mamita osachepera 30 kuchoka pachitsime, ndipo lisamasefukire m'dzinja. Apa pokha palibe choseketsa: kolera ya 2023 mpaka 2024 inasandutsa bwalo la Heroes ku Lusaka kukhala chipatala, ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa.

Matope ena sachoka ndi sipanala. Chimbudzi chokumba chimasunga chinsinsi. Umazemba ngati ukukaona mbuzi, n'kubwerera palibe wafunsa. Chogejemula chimalengeza. Mkamwini akauza apongozi ake kuti, "Amayi, chimbudzi chili m'nyumba momwemu, pafupi ndi chipinda chathu," apongozi amayankha kuti, "Zikomo bambo, ndakhuta," ndipo kuyambira pamenepo samwanso ngakhale thobwa mpaka tsiku lobwerera.

Mwamwayi, pakati pa chilala ndi chigumula pali mvula yowaza. Chimbudzi chothira ndi kapu chilibe thanki, chilibe labala, ndipo malita awiri kapena atatu amakwana. Pali tizimbale tapulasitiki totchedwa SaTo tomwe timaikidwa pabowo la chimbudzi chokumba: kachitseko kake kamatseguka ndi kulemera kwa zomwe zagwerapo n'kudzitseka kokha, madzi osakwana lita. Anzathu a tsidya la Kanyemba ali ndi Blair, chomwe Peter Morgan anakonza ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970. Paipi yake yaitali imatulutsa fungo kumwamba, sefa ya pansonga imakola ntchentche, ndipo sichimwa dontho ngakhale limodzi.

Amene ali ndi mpope wodalirika ndi kwacha zogulira labala, agule chogejemula, adzasangalala nacho. Koma chokumba chija musachikwirire, ngakhale mwana wa m'tauni anene kuti chikuchititsa manyazi pabwalo. Chikonzeni denga, chiikeni chitseko cholimba. Apongozi adzayambiranso kumwa thobwa, ndipo tsiku lomwe pampu idzaime, inuyo ndi aneba onse a nyumba za matailosi mudzakumana pamzere kuseri kwa khola, aliyense akunamizira kuti wabwera kudzaona mbuzi.