Tiransifa ya ku Chitipa

Pakhonde pa agogo aNaphiri, kufupi ndi Mponela ku Dowa. Agogo akutonola chimanga m'lichero. Mdzukulu wawo Tamanda, yemwe amagwira ntchito pa kampani ina ku Lilongwe, watsika pa kabaza, mwana kumsana, jumbo m'manja.

AGOGO: Ii, mkazi mnzanga, pakati pa sabata pano? Tione m'jumbomo. Buledi, sopo, shuga mapaketi awiri. Paketi imodzi ndiye kuti wadzandiona. Awiri ndiye kuti pali mlandu.

TAMANDA: Inunso agogo, munthu asakukondeni?

AGOGO: Undikonde utakhala pansi. Patse mwanayo. Nena.

TAMANDA: Andipatsa tiransifa. Akuti pa 1 mwezi wamawa ndikayambe ntchito ku Chitipa.

AGOGO: Chitipa ndi kutsogolo kwa Kasungu?

TAMANDA: Kasungu ndi pakhomo pomwe. Mupitirire Mzuzu, mutsetsereke mapiri a Chiweta, mufike ku Karonga, mukwerenso ina. Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 700.

AGOGO: Unaba chiyani?

TAMANDA: Sindinabe kanthu! Ndipo Chitipa si ndende, agogo. Anthu akukhala bwinobwino, kuli nyemba, kuli khofi wa ku Misuku. Ndikanakhala ndekha bwenzi nditamanga kale katundu. Koma uyu ali ndi miyezi 5, Yamikani ali Sitandade 3, bambo awo ntchito ili ku Kanengo.

AGOGO: Bambo awowo anyamule akutsate. Kuno n'kwa chikamwini. Agogo ako aamuna anachoka ku Ntchisi ndi mphasa, khasu ndi buluku limodzi, kudzamanga pano pamene wakhalapo. Wosamuka ndi mwamuna. Zinayamba liti zoti mkazi ndiye azizungulira dziko?

TAMANDA: Asiye ntchito? Lendi tizilipira ndi chikamwinicho? Komabe ndawerenga lamulo. Employment Act ya mu 2000, gawo 5, imaletsa bwana kusala wantchito chifukwa cha mtundu, chipembedzo, kapena poti ndi mkazi. Pamndandanda womwewo analembapo udindo wosamalira banja.

AGOGO: Ndiye kwatha. Kawaonetse pepalalo, ubwerere ukaphike.

TAMANDA: Pali kamsampha. Lamulolo silinena kuti mayi wa ana asasamutsidwe. Limangoti asamuchite chinthu chifukwa choti ali ndi ana. Ndipo mu kontirakiti yanga muli mzere woti ndidzagwira ntchito kulikonse kumene kampani ingandiike m'Malawi muno.

AGOGO: Unasayina?

TAMANDA: Ndinasayina.

AGOGO: Utawerenga?

TAMANDA: Ndinali nditatopa n'kukhala pakhomo ndi digiri, agogo. Akanalemba kuti ndizikolopanso, ndikanasayina.

AGOGO: Ine ndimadinda chala osawerenga chifukwa sukulu ndinalekeza Sitandade 2. Iwe tinagulitsa mbuzi kuti upite ku Zomba, ukaphunzire kudinda osawerenga ngati ine?

TAMANDA: Mverani kaye. Mzerewo suwapatsa chilolezo cholangira nawo munthu. Ngati ku Chitipako kukufunikadi munthu ndipo asankha mwachilungamo, ndilibe pogwira. Koma mu ofesi mwathu tilimo asanu a ntchito imodzimodzi. Mnyamata wina kwawo ndi ku Karonga, sanakwatire, wakhala akupempha yekha kuti amutumize kumpoto. Amusiya iyeyo, aloza ine.

AGOGO: Bwanayo munayambana?

TAMANDA: Chibwerereni ku holide ya uchembere sandiyang'ana bwino. Tsiku lina anati, “Mayi, inu mwachuluka zifukwa. Lero sikelo, mawa mwana watentha thupi.”

AGOGO: Ananena pali anthu?

TAMANDA: Analemba pa gulu la WhatsApp la ku ofesi.

AGOGO: Analemba! Ameneyonso makolo ake anataya mbuzi. Usafufute zimenezo. Kwa amfumu mlandu umawina ndi mboni, misozi amangokupatsa madzi akumwa. Tsono holide ya uchembereyo ndiye yotani? Amakulipira uli gone?

TAMANDA: Masabata 8, malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse.

AGOGO: Zaka zitatu? Boma lafika mpaka kuchipinda? Amayi ako ndi amalume ako anasiyana chaka ndi theka. Malume akowo bwenzi ali mwana wophwanya lamulo.

TAMANDA: Kubereka sakuletsani, koma holide yolipidwayo lamulo silikakamiza bwana kuibwereza zakazo zisanakwane. Ndipo mu 2021 anawonjezera. Abambonso amapatsidwa masabata awiri mwana akabadwa.

AGOGO: Abambo? Akachire pati?

TAMANDA: Kuti azithandiza mkazi wawo.

AGOGO: Wakoyo anathandiza?

TAMANDA: Tsiku loyamba anachapa matewera.

AGOGO: Lachiwiri?

TAMANDA: Anati msana.

AGOGO: Ndiye anachita bwino kumupatsa holideyo, anali wodwala.

TAMANDA: Anawonjezeranso kuti mayi woyamwitsa azipatsidwa theka la ola kawiri pa tsiku, kwa miyezi 6, kuti akayamwitse.

AGOGO: Mwanayu ali ndi wotchi? Ine ndamuona, akafuna bere safunsa kuti ili bwanji.

TAMANDA: Ndiye musaseke. Ine ndimakhala ku Area 25, ofesi ili ku City Centre. Theka la olalo limatha ndili pa siteji, kondakitala akadali kuitanira anthu. Ndimangokama m'mawa n'kusiyira mtsikana wantchito m'botolo.

AGOGO: Mkaka wa munthu m'botolo. Chabwino. Ine malume akowo ndinaberekera ku esiteti ya fodya ku Kasungu, tili matenanti. Sabata isanathe ndinali m'chigafa kusoka fodya, mwana ali pachiguduli pambali panga, kapitawo akuwerenga ndawala.

TAMANDA: Utenantiwo lamulo lomwelo la mu 2021 linauthetsa.

AGOGO: Lachedwa. Likandibwezere msana wanga. Koma za matiransifazi usandione ngati mbuli, ndinaziona ndi maso. Chaka chija a Kamuzu analamula kuti aphunzitsi a kumpoto abwerere kwawo...

TAMANDA: 1989.

AGOGO: Kaya, iweyo ndiye wa manambala. Pasukulu yathu apa panali mphunzitsi wa ku Rumphi, anakwatira mwana wa m'mudzi muno. Lole inaima pabwalo la mpira. Anakweza bedi, mbaula, mtondo, nkhuku zili m'chitete, mkazi akulira, apongozi agwira chitseko cha lole akuti mwana wanga sapita. Ana a Sitandade 8 anatsala ndi masamu pabolodi opanda wowamalizira. Palibe anafunsa kuti banja litani. Ukanafunsa, ukanafunsira ku Mikuyu.

TAMANDA: Kusiyana kwake n'komweko. Malamulo aakulu a dziko a mu 1994, gawo 31, amati aliyense ali ndi ufulu wochitiridwa chilungamo pa ntchito. Lero ndikhoza kufunsa chifukwa, osagona m'chitokosi.

AGOGO: Nanga ukangokana? Kungoti sindipita, muchite zomwe muchite?

TAMANDA: Ndiye ndawapatsa chikwapu. Anena kuti ndakana lamulo la bwana, andiitanire ku komiti. Njira ndi kalata. Ndilembe mwaulemu, ndifotokoze za mwana woyamwa ndi wa sukulu, nditchule kuti pali wina wofuna kupita, ndipemphe kuti ngati n'kosatheka andidikire mpaka sukulu zitseke mu Julaye. Ndipemphenso kuti chifukwa chosankhira ine achilembe.

AGOGO: Akakana?

TAMANDA: Akandichotsa, ndili ndi miyezi itatu yokadandaula ku ofesi ya Leba. Zikakanika kumeneko, ku Industrial Relations Court. Kumeneko bwana ndi amene amayenera kuonetsa kuti chifukwa chake chinali chomveka. Ngakhale atapanda kundichotsa, koma n'kundivutitsa mpaka ndisiye ndekha, gawo 60 limandilola kuchoka, mlandu n'kukhala wawo.

AGOGO: Mlanduwo umatha liti?

TAMANDA: Milandu sithamanga, agogo.

AGOGO: Ukamatha uyu ali ndi ndevu. Pakatipo muzidya gawo 60?

TAMANDA: N'chifukwa chake... tinakambirana ndi bambo a Yamikani. Kuti mwina, kalata ija ikakanika, ndipite ndithu. Yamikani atsale ndi bambo ake. Koma uyu afunika munthu wamkulu womuyang'anira ine ndili ku ntchito, ndipo mtsikana uja wakana zopita kutali. Amayinso ndi BP yawo ija simungawayendetse. Ndiye tinati...

AGOGO: Munati?

TAMANDA: Kuti mwina inuyo.

AGOGO: Ohoo! Anthu inu, bwerani mudzamve! Tiransifayi ndi yanga! Bwana alembera iwe, iwe ulembera ine. Ine ndilembera ndani, nkhuku?

TAMANDA: Ndi miyezi yochepa chabe.

AGOGO: Amayi ako anateronso atandisiyira iwe. Miyezi yochepayo unachoka pano uli ndi mabere. Tandiwerengere pepala lakolo. Udindo wosamalira banja ine ndilibe? Ana atatu a malemu azakhali ako akudya m'poto wanga. Mbuzi yanga ili ndi bere. Lachinayi ndili ku Chigwirizano, ndipo ku banki nkhonde makiyi a bokosi amasunga ndine. Gawo langa ndi nambala chani?

TAMANDA: Lamulolo limakamba za anthu olembedwa ntchito, agogo. Inu simunalembedwe.

AGOGO: Dziko lonseli ana a anthu a m'maofesi ali kumsana kwa agogo, koma olemba malamulowo sanationepo? Iwowo anawalera ndani? Ndiye ndilembe.

TAMANDA: Ndikulembeni?

AGOGO: Ntchito. Ya malipiro. Holide imakhala masiku angati?

TAMANDA: Masiku 18 pa chaka kwa wogwira masiku 6 pa sabata.

AGOGO: Nanga wogwira masiku onse, usiku womwe?

TAMANDA: Zimenezo n'zoletsedwa. Munthu ayenera kupuma tsiku limodzi pa sabata.

AGOGO: Wamva, bwana wamng'ono? Lamulungu usadzanyere. Iwe, m'chikwamamo muli cholembera? Tulutsa. Makalata akhala awiri. Yoyamba ya bwana wako, ndipo mawu ake a pa foni aja uwakopere momwe aliri, ndi tsiku lake. Mnyamata wa ku Karonga uja umuuze alembenso pempho lake, apereke tsiku limodzi ndi iwe.

TAMANDA: Yachiwiri?

AGOGO: Kontirakiti yanga, yodikirira ngati yoyambayo igwa. Ulembemo matumba awiri a feteleza, aganyu olima munda wanga, ndi juzi, ndamva kuti kumeneko kumazizira. Miyezi ya mvula ndili kuno.

TAMANDA: Agogo, malipiro anga onse athera inu.

AGOGO: Ukadandaule ku Leba. Lemba, ukamaliza undiwerengere mokweza, mzere ndi mzere. Ndikangomva mawu oti kulikonse m'Malawi muno, chala changa sichidinda.